Mnyamata waluso akapalamula: kumutaya kapena kumupatsanso mwayi?

Dzuwa likapendeka ku Nkope, m'mphepete mwa msewu wochokera ku Mangochi boma kulowera ku Monkey Bay, bwalo la mpira limayamba kudzaza. Anyamata ena amachokera kusukulu makope ali m'manja, ena amachokera kugombe komwe amasoka makoka, ndipo ena amafika maso ali psuu chifukwa chochezera panyanja kupha usipa. Nsapato zampira n'zowerengeka, mpira nthawi zina ndi umodzi womwewo wosokedwasokedwa, koma fumbi likangoyamba kukwera, mudzi wonse umadziwa kuti zayambika.

Kuyambira ku Makawa, kudutsa ku Nkope mpaka ku Msaka ndi ku Chembe, pafupifupi timu iliyonse ili ndi mnyamata mmodzi amene anthu amapitira kubwalo. Mpira ukatera paphazi pake, ana amasiya kuthamangitsana, amayi ogulitsa zitumbuwa amaimirira ndipo otchinga kumbuyo a timu inayo amayamba kulozana zala. Tsoka lake n'lakuti kawirikawiri mnyamata yemweyo ndiye amene amajomba pulakatisi, amayankha kochi mwamwano, amatukwana woimbira, ndipo tsiku la fainolo ya bonanza amatulukira mochedwa ali ndi matsire.

Akapalamula mlandu waukulu, komiti ya timu imakhala pansi pa mtengo n'kugawikana pawiri. Ena amati nsomba ikaola imodzi zaola zonse, choncho achotsedwe asanawononge anzake. Ena amati mwana akakuipitsira pamwendo sudula mwendowo, umangotsuka. Mbali zonse ziwiri zimakhala ndi mfundo, ndipo chimene agamule tsikulo chimatha kusintha moyo wa mnyamatayo mpaka kale.

Nkhaniyi si yamasewera. M'dera ngati la Mangochi, mnyamata akachotsedwa m'timu sapita kukakhala pakhonde. Amabwerera kunyanja kukakhala mlovi usana ndi usiku, kapena amayamba kusonkhanitsa ndalama za ulendo wa ku Joni monga adachitira achimwene ake, apo ayi amakhazikika pamalo omwera kachasu ndi pobetcha mpira. Komanso timu ikamamusekerera, anzake omwe amafika pa nthawi yake tsiku lililonse amafooka, poona kuti lamulo limangoluma opanda luso.

Amalawi safunika kupita patali kuti apeze chitsanzo cha nkhani yotere. Mmodzi mwa osewera otchuka kwambiri omwe dziko lino latulutsa adadutsa m'njira yomweyi, ndipo naye ndi mwana wa kunyanja.

Kuchoka ku Chiweta mpaka ku Joni

Hellings Frank Mhango, yemwe dziko lonse limamudziwa kuti Gabadinho kapena Gaba, adabadwa pa 27 September 1992 ku Chiweta m'boma la Rumphi, komwe mapiri amatsikira m'nyanja ya Malawi. Adatchuka ali wachichepere ku timu ya Big Bullets mumzinda wa Blantyre, ndipo m'chaka cha 2012 adayamba kuvala yunifolomu ya timu ya dziko lino ya Flames.

Wamfupi, waliwiro komanso wosaopa kuponya mpira kugolo ali patali, Gaba sadachedwe kuonedwa ndi matimu akunja. M'chaka cha 2013 adapita ku South Africa kukasewera ku Bloemfontein Celtic, kenako ku Golden Arrows mumzinda wa Durban. M'chaka cha 2016 adalowa timu ya Bidvest Wits ya ku Johannesburg yomwe inkaphunzitsidwa ndi Gavin Hunt, mphunzitsi wodziwika kuti sanyengerera wosewera.

Kumeneko zinthu zidamuyendera. Wits idatenga chikho cha MTN8 m'chaka cha 2016, ndipo m'chaka cha 2017 idatenga ukatswiri wa ligi ya South Africa koyamba chiikhazikitsireni m'chaka cha 1921. Mnyamata wa ku Chiweta adali m'gulu la omwe adabweretsa ulemuwo. Koma akuluakulu adati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika.

Malovu omwe adaoneka pakanema

M'mwezi wa September 2017, Wits ikusewera ndi AmaZulu, Gaba adalavulira malovu wosewera wapakati wa timuyo, Michael Morton. Makina ojambulira masewerowo adatola zonse, ndipo chithunzicho chidaonetsedwa mobwerezabwereza pakanema ndi pamasamba a mchezo. Amalawi omwe adazolowera kumuchemerera m'nyumba zoonetsera mpira adagwidwa ndi manyazi.

Pa malamulo a mpira, kulavulira munthu ndi mlandu wa kadi yofiira, ndipo malamulo a bungwe la FIFA a nthawi imeneyo ankati wolavulira mnzake aimitsidwe masewero osachepera 6. Komiti yosungitsa mwambo ya ligi ya South Africa idamupeza wolakwa ndipo idamuimitsa masewero 6. Apa n'kuti ali ndi zaka pafupifupi 25.

Chilangocho sichidapweteke iye yekha. Timu yake idasowa womwetsa zigoli pa nthawi yomwe inkamufuna, ndipo chaka chimenecho Wits, yomwe idali itangotenga ukatswiri, idathera m'munsimunsi mwa ligi. Zifukwa zidalipo zambiri, koma phunziro lidali poyera: chibwana cha munthu mmodzi chimalipiridwa ndi anthu 11.

Wits ikadatha kumuthamangitsa, koma sidatero. Adagwira chilango chake mpaka kumapeto, n'kubwerera m'bwalo, ndipo adakhala m'timuyo mpaka m'chaka cha 2019.

Khomo lina litseguka

M'chaka cha 2019, Orlando Pirates, imodzi mwa matimu akuluakulu kwambiri ku South Africa, idamugula ngakhale inkadziwa mbiri yake. Miyezi yoyamba idali yovuta chifukwa timuyo inkasinthasintha aphunzitsi. Zinthu zidatembenuka m'mwezi wa December chaka chomwecho pomwe kudafika mphunzitsi wa ku Germany, Josef Zinnbauer, yemwe adamukhulupirira ndi kumamuyambitsa masewero.

Gaba adabweza chikhulupirirocho ndi zigoli. Mu January 2020 adamwetsa zigoli zitatu yekha pomwe Pirates idakwapula Polokwane City 4-1. Pomwe ligi ya 2019/20 inkatha n'kuti ali ndi zigoli 16, ndipo adagawana mphotho ya womwetsa zigoli zambiri ndi Peter Shalulile wa ku Namibia yemwe ankasewera ku Highlands Park. Munthu yemwe zaka zitatu m'mbuyomo ankatchulidwa chifukwa cha malovu adayamba kutchulidwa chifukwa cha nsapato yagolide.

Koma njira ya wosewera wotere siyenda chowongoka. Zinnbauer atachoka mu August 2021, timuyo idatsala m'manja mwa Fadlu Davids ndi Mandla Ncikazi, ndipo Gaba adayamba kusowa m'bwalo. Masewero ambiri ankawaonera pabenchi, ena osapezeka n'komwe pamndandanda. Pomwe chaka cha 2021 chinkatha, ambiri ankati nyenyezi yake yazilala.

Usiku wa ku Yaoundé

Apa ndi pomwe aphunzitsi a Flames, Mario Marinica wa ku Romania ndi Meke Mwase, adayenera kusankha. Malawi idali itadzigulira malo ku mpikisano wa matimu a mu Africa wa 2021, womwe udaseweredwa mu January ndi February 2022 m'dziko la Cameroon. Aka kadali kachitatu m'mbiri ya dziko lino, kutsatira 1984 ndi 2010. Kutenga wosewera yemwe sakusewera kutimu kwake kudali kuika khosi pachipika, koma adamutenga.

Flames idayamba ndi kugonja 1-0 ndi Guinea, timu itafooka ndi matenda a Covid-19. Pa 14 January 2022 mumzinda wa Bafoussam, Zimbabwe idayamba kuchinya kudzera mwa Ishmael Wadi. Gaba adabweza chigolicho asanapite kopumulira, n'kudzamwetsa chachiwiri m'chigawo chomaliza. Malawi idapambana 2-1. Itafanana mphamvu 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané, yomwe idadzatenga chikhocho, Flames idalowa m'ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri yake.

Pa 25 January, pabwalo la Ahmadou Ahidjo mumzinda wa Yaoundé, Malawi idakumana ndi Morocco. Patangotha mphindi 7, Gaba adalandira mpira ali pamtunda wa mamita oposa 30 kuchokera kugolo. Adakweza maso, n'kuona kuti goloboyi Yassine Bounou wasuntha pang'ono pamzere, ndipo adaumenya. Mpirawo udadutsa pamwamba pa goloboyiyo n'kukagwedeza ukonde. Kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, anthu adatuluka m'nyumba zoonetsera mpira akukuwa, mabenchi ali gadaa.

Morocco idabweza kudzera mwa Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi n'kupambana 2-1. Iyi ndi timu yomwe idadzafika m'ndime ya matimu anayi pa World Cup ya ku Qatar kumapeto kwa chaka chomwecho. Chigoli cha Gaba chidalowa m'gulu la zigoli zomwe bungwe la CAF lidasankha kuti zipikisane pa mphotho ya chigoli chapamwamba cha chaka.

Ndipo pakati pa chaka cha 2022, atachoka ku Pirates, timu yomwe idamulandira ndi AmaZulu, yomwe ija adalavulira wosewera wake zaka zisanu m'mbuyomo. Atachoka uko adasewerako ku Moroka Swallows m'chaka cha 2023 ndi ku Marumo Gallants m'chaka cha 2024.

Akadatayidwa m'chaka cha 2017, kapena akadasiyidwa pomwe Flames inkanyamuka kupita ku Cameroon, Amalawi sakadaona usiku wa ku Yaoundé.

Si onse amene amabweza zabwino

Komabe nkhani ya Gaba isanamize makomiti a matimu kuti aliyense wopatsidwa mwayi wachiwiri amasintha. Okonda mpira omwe ankaonera ligi ya South Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 sangaiwale Jabu Pule wa Kaizer Chiefs. Pa nkhani yonjanja, mnyamatayu adalibe mnzake, ndipo adali m'timu ya Bafana Bafana yomwe idapita ku World Cup ya 2002.

Koma mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zidamulowerera. Ankasowa kutimu masiku angapo osatsanzika. Chiefs idamukhululukira kangapo mpaka kumutumiza kumalo othandizirako anthu ofuna kusiya zoledzeretsa. Adapatsidwa mwayi ku SV Mattersburg ya ku Austria, ku SuperSport United ndi ku Orlando Pirates, koma konseko sadakhalitse. Mpira wake udatha anthu akadafunabe kumuonera.

Jabu, yemwe adasintha dzina n'kukhala Jabu Mahlangu, adadzasintha khalidwe atakula ndipo adayamba kuyenda m'masukulu ndi m'matimu kuuza achinyamata poyera momwe mowa udamulandira tsogolo. Moyo wake udapulumuka, koma zaka zomwe miyendo yake idali ndi mphamvu zidapita. Madzi akatayika saoleka.

Chimodzimodzi Mario Balotelli, mwana wa makolo a ku Ghana yemwe adakulira ku Italy. Adamwetsa zigoli ziwiri zomwe zidatulutsa Germany mu mpikisano wa Euro 2012, koma mbiri ya chibwana idamutsata kuchokera ku Inter Milan mpaka ku Manchester City. Liverpool idamupatsa mwayi wina m'chaka cha 2014 pomugula ndi ndalama zokwana mapaundi 16 miliyoni, koma chaka chonsecho adangomwetsa chigoli chimodzi mu ligi.

Apa funso lenileni si lakuti mnyamata apatsidwe mwayi kapena ayi. Funso ndi lakuti mwayiwo aupereke motani, ndipo ndani ayende naye akabwerera.

Chilango chokhala ndi malire

Mphunzitsi wakale wa Manchester United, Alex Ferguson, adakumana ndi mayeso otere kawiri. Pa 25 January 1995, Eric Cantona atapatsidwa kadi yofiira pabwalo la Crystal Palace, adadumpha n'kumenya theche wochemerera wina yemwe ankamunyoza. Adaimitsidwa miyezi 8, ndipo khoti lidamulamula kugwira ntchito yothandiza anthu kwa maola 120, yomwe adaigwira pophunzitsa ana mpira.

Chaka chimenecho United idaluza ligi kwa Blackburn Rovers ndi pointi imodzi. Cantona adafuna kuchoka ku England, koma Ferguson adamulondola mpaka ku Paris kukamunyengerera. Adabwerera pa 1 October 1995, ndipo m'chaka cha 1996 adatsogolera timuyo kutenga ligi ndi chikho cha FA, iye mwini n'kumwetsa chigoli chopambanira pa fainolo yolimbana ndi Liverpool.

Wachiwiri adali David Beckham. Ali ndi zaka 23, adapatsidwa kadi yofiira pa World Cup ya 1998 atamenya theche Diego Simeone wa ku Argentina. England idatuluka pa mapenate ndipo dziko lonse lidamuda mnyamatayo. Ferguson adamulandira n'kumuteteza. Chaka chotsatira United idatenga zikho zitatu zikuluzikulu Beckham ali pakati, ndipo m'chaka cha 2000 adasankhidwa kukhala kaputeni wa England.

Pa nkhani za Cantona, Beckham ndi Gaba pali zinthu zofanana. Onse adalangidwa, ndipo chilango adachimva kuwawa. Chilangocho chidali ndi tsiku loyambira ndi lothera. Chitatha, padali munthu wamkulu yemwe adawayembekezera pakhomo ndi kuwapatsa ntchito yoti agwire.

Msinkhu umanyenga

Makolo ambiri amadabwa kuona mnyamata wa zaka 19, wamtali kuposa bambo ake, yemwe amatha kukoka khoka usiku wonse, akulephera kuugwira mtima woimbira akangomulakwira pang'ono. Akatswiri a zaubongo adapeza kuti mbali ya ubongo ya kutsogolo, chapamphumi, yomwe imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira zotsatira za zochita zake, imamaliza kukhwima mochedwa, munthu akamayandikira zaka 25. Miyendo imakula msanga kuposa mabuleki.

Izi sizikutanthauza kuti mnyamata asaimbidwe mlandu. Zikungosonyeza kuti khalidwe la munthu wa zaka 18 si chigamulo cha moyo wake wonse. Makolo akale ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankati kuwongola mtengo m'poyamba.

Ngakhale malamulo a dziko lino amavomereza mfundoyi. Lamulo loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la m'chaka cha 2010 limalola kuti mwana wopalamula mlandu waung'ono asatengeredwe kukhoti ngati wamkulu, koma apatsidwe uphungu, apepese kapena agwire ntchito yothandiza anthu a m'dera lake. Kuyambira m'chaka cha 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Ngati boma limapereka mpata wotere, komiti ya timu ya m'mudzi ingalephere bwanji?

Zofunika kubwalo la kumudzi

Matimu a ku Nkope ndi madera ozungulira alibe madotolo a zamaganizo kapena maloya ngati a Pirates ndi Manchester United. Koma ali ndi zida zina zomwe matimu akuluakuluwo alibe: aliyense amadziwa kwawo kwa mnyamatayo, amayi ake ndi atsibweni ake.

Choyamba ndi kufufuza gwero la vuto. Mnyamata wojomba pulakatisi mwina si waulesi. Mwina adachezera panyanja ndi nyali kufuna ndalama yogulira ufa pakhomo pomwe bambo adapita ku Joni osatumiza kanthu. Wina amakwiya msanga chifukwa wabwera kubwalo osadya. Wina adayamba mwano tsiku lomwe adaona kuti ndalama yomwe timu idapambana pa bonanza yathera m'matumba mwa akuluakulu a komiti. Wina ndi chamba basi. Matenda onsewa sangachizidwe ndi mankhwala amodzi.

Chachiwiri, chilango chikhalepo ndipo chinenedwe poyera pamaso pa timu yonse: masewero angati, kuyambira liti mpaka liti. Kuimitsa mnyamata popanda kumuuza tsiku lobwerera n'chimodzimodzi kumuthamangitsa. Komanso pa nthawi ya chilangoyo asasowe kubwalo. Azibwera kupulakatisi, azilemba mizere, azitunga madzi a anzake, aziphunzitsa timu ya ana monga adachitira Cantona. Wokhala kunyumba masabata anayi amapeza anzake ena, ndipo anzakewo sakhala a mpira.

Chachitatu ndi kupepesa kwa amene adalakwiridwa. Ngati adatukwana woimbira, akapepese kwa woimbirayo. Ngati adamenya mnzake wa timu ya mudzi woyandikana nawo, apite komweko ndi akuluakulu. M'midzi ya kunyanja anthu amakumana pagombe limodzi ndi pamsika umodzi, choncho mkangano wa kubwalo ukapanda kuzimitsidwa umatha kuyatsa midzi iwiri. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Chachinayi, pakhale munthu mmodzi wamkulu woyenda naye. Kwa Ayao ndi Anyanja a m'derali, atsibweni ali ndi mawu pa mwana wa mlongo wawo, ndipo komiti yanzeru imawaitana pokambirana mlanduwo. Ngati palibe, pali aphunzitsi a zamasewero kusukulu, shehe kumzikiti, abambo a tchalitchi cha Anglican chomwe chakhala ku Nkope zaka zambiri, kapena wosewera wakale yemwe mnyamatayo amamulemekeza. Chofunika n'chakuti akaterereka, pakhale wina womuona msanga.

Chachisanu, lamulo likhale limodzi kwa onse. Ngati womwetsa zigoli wakhululukidwa atajomba katatu, ndiye kuti wotchinga kumbuyo yemwe sachemereredwa akhululukidwenso chimodzimodzi. Palibe chimene chimapha timu msanga kuposa kufupikitsa chilango cha katswiri chifukwa Lamulungu kuli fainolo. Mnyamata amaphunzira pomwepo kuti luso lake ndi chiphaso chochitira chilichonse, ndipo phunziro limenelo ndi lomwe lidawononga ambiri.

Pomaliza, pali milandu yomwe si ya komiti ya mpira. Kubaya munthu, kugwiririra, kapena kugona ndi mwana wamng'ono ndi nkhani za kupolisi ndi kukhoti. Kubisa wopalamula zotere chifukwa amamwetsa zigoli si kupereka mwayi wachiwiri, koma kupondereza wolakwiridwayo kachiwiri.

Udindo wa pakhomo

Makolo nawo ali ndi mbali yawo. Ena amangoti mpira ndi zachibwana ndipo sadapondeko kubwalo, koma tsiku lomwe mwana wabwera ndi ndalama ya bonanza amatambasula dzanja. Ena amamutamanda mopitirira muyeso mpaka mwanayo kumadziona ngati wafika kale ku Bullets kapena ku Wanderers. Njira zonse ziwirizi zimamusiya mnyamata yekhayekha.

Mwa anyamata mazana omwe amathamanga m'mabwalo a Mangochi, ndi ochepa kwambiri omwe adzadye za mpira. Ngakhale omwe amafika pamwamba, ntchitoyi imatha munthu akadali ndi zaka za m'ma 30, ndipo bondo likhoza kuithetsa tsiku lina lililonse. N'chifukwa chake mwayi wachiwiri wabwino umayenda limodzi ndi pangano lakuti mnyamata abwerere m'kalasi kapena aphunzire ntchito yamanja. Malamulo a FIFA saloleza kuti wosewera wosakwana zaka 18 agulitsidwe kunja kupatula pa zifukwa zochepa zapadera, choncho wina aliyense wobwera ndi malonjezo otengera mwana ku Joni kapena ku Ulaya afunsidwe mafunso ambiri.

Komabe makomo alipo, ndipo ena ali pafupi ndi ana a kunyanja kuposa kale. M'chaka cha 2022 timu ya dziko lino ya mpira wapamchenga idapita koyamba ku mpikisano wa mu Africa womwe udachitikira ku Vilankulo m'dziko la Mozambique, ndipo idabwereranso ku mpikisanowu m'chaka cha 2024 ku Egypt. Mchenga womwe ana a ku Nkope amasewerapo tsiku ndi tsiku ndiwo bwalo la masewero amenewa. Atsikana nawo ali ndi zitsanzo mwa Tabitha ndi Temwa Chawinga a ku Rumphi, omwe adatsogola pomwetsa zigoli m'maligi a ku Italy, France ndi America.

Kuti mwana adutse pamakomo amenewa, ayenera kukhala akadali m'bwalo pomwe mwayi ukufika. Woponyedwa kunja ali ndi zaka 17 saonedwa ndi aliyense.

Mwayi wachiwiri uli ndi mtengo wake. Timu ikhoza kuluza chikho chifukwa choimitsa katswiri wake, monga zidachitikira Manchester United m'chaka cha 1995. Kochi akhoza kuchita manyazi mnyamata yemwe adamuikira kumbuyo akapalamulanso. Ndipo nthawi zina, mwayi ukaperekedwa kawiri katatu popanda kusintha, komiti imayenera kulimba mtima n'kunena kuti zakwana, pofuna kuteteza ana ena 20 omwe akutsatira malamulo.

Koma komiti ikakhala pansi pa mtengo ku Nkope kukambirana za mnyamata wawo wovuta uja, ndi bwino wina akumbutse anzake za mwana wa ku Chiweta. Mu September 2017 adali chitsanzo cha khalidwe loipa pakanema wa dziko lonse la South Africa. Adagwira masewero ake 6, adapeza anthu omukhulupirira, ndipo patatha zaka zinayi ndi miyezi inayi adaimiritsa dziko lonse la Malawi ndi phazi lake lamanja.

Mnyamata wa ku Nkope mwina sadzafika ku Yaoundé. Koma akagwira chilango chake, n'kupepesa, n'kubwerera kubwalo Lolemba lotsatira pa nthawi yake, mudzi udzakhala utapulumutsa munthu, ngakhale chikho cha bonanza chitapita kwina.